Kodi chipatala chaulere amalipira ndani?

 Mwandipempha kuti ndiyankhule za m'mene tingakonzere zipatala zathu ndi chisamaliro cha anthu ovutika kuti zikhale zolimba, zosagwedezeka nthawi iliyonse wina akatsokomola kunja kwa dziko lino. Ndiyamba ndi kandalama kakang'ono kamene ana athu sadakaonepo. Kandalamako ndi tiki, mapeni atatu.

Mu Ogasiti 1964, mwezi umodzi wokha utadutsa chilandirireni ufulu, nduna zidamuuza Dr. Banda maso ndi maso kuti sizikukondwa ndi kayendetsedwe ka boma. Madandaulo adali angapo: ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa eni dziko, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi khalidwe lolamula zonse yekha. Koma dandaulo limene munthu wamba adalimva msanga lidali la tiki imene boma lidalamula kuti wodwala azilipira pachipatala. Pa 7 Seputembala a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo adachotsedwa, ndipo m'masiku omwewo a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo. Ambiri a inu, kapena makolo anu, ulendo wa kunja udayambira pamenepo.

Nkhani ya chipatala idabweranso patapita zaka 28. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ija idagwedeza boma la chipani chimodzi, sidakambe za ufulu wa kuyankhula wokha ayi. Idakambanso za kuthithikana kwa odwala m'zipatala, kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala, ndi kusiyana kwa chithandizo pakati pa munthu wodziwika ndi munthu wamba. Choncho pamene tinkavotera nyali pa 14 Juni 1993, tinkavoteranso bedi la m'chipatala. Malamulo aakulu a dziko amene adabwera ndi matipate, m'gawo 13, adalonjeza chithandizo chokwanira cha zaumoyo, ndiponso ulemu ndi chisamaliro kwa okalamba ndi olumala.

Ndinene poyera pamene ndaima, kuti pasakhale kunong'onezana. Nduna zija zidalondola. Kulipiritsa munthu pakhomo la chipatala ndi msonkho woipitsitsa, chifukwa umamugwera tsiku limene ali wofooka, ndipo umalemera kwambiri kwa mai wa kumudzi amene ndalama amaiona kamodzi pachaka akagulitsa mtedza. Anzathu a ku Zambia adayesa. Adayamba kulipiritsa m'nthawi ya a Chiluba, ndipo mu 2006 adachotsa malipirowo m'zipatala za kumidzi ataona kuti osauka akulephera kufika kuchipatala. Kwathu kuno umboni uli m'zipatala za mishoni. Zipatala za CHAM zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, ndipo zimalipiritsa. Kuyambira mu 2006 boma lidayamba kupangana nazo kuti amai oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, bilu izipita ku boma. Amai ochirira kuchipatala adachuluka. Koma boma likachedwa kulipira biluyo, amishoni amaimitsa mgwirizano, ndipo amai aja amabwerera kwa azamba. Tsono pa za tiki palibe mkangano pakati pa ine ndi inu.

Vuto langa ndi lakuti liu loti "ulere" latigonetsa tulo. Kwa zaka 60 wandale aliyense akaima pansanja nkunena kuti chipatala chikhalabe chaulere, timaomba m'manja nkubalalika, osafunsa funso lotsatira. Panado samera m'munda. Jakisoni, magolovesi, mafuta a ambulansi, zonsezi zimagulidwa, ndipo zambiri zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ngati wodwala salipira pakhomo, pali wina amene akulipira kwinakwake. Ndani?

Woyamba ndi mlendo. Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka la zonse zogwiritsa ntchito pa zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa maiko ndi mabungwe otithandiza. Pa nkhani ya Edzi ndiye nkosayamba: pa kwacha 100 iliyonse, zoposa 90 zakhala zochokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku boma la America. Ndisaname, ndalama zimenezi zidagwira ntchito yooneka ndi maso. Inu amene mudabwerera m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira zimene mudapeza: mashopu a mabokosi a maliro ali mbwee m'mbali mwa misewu, maliro a aphunzitsi ndi makalaliki tsiku ndi tsiku, matenda osatchulika dzina ngakhale pa mwambo wa maliro. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo amene amawalandira adafika poposa 900,000. Mu 2011 Malawi lidali dziko loyamba kulamula kuti mai aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, kwa moyo wake wonse, osadikira makina oyezera chitetezo cha m'thupi amene m'midzi mudalibe. Maiko ena adadzatengera kwa ife. Kafukufuku wa mu 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 alionse, 234 ankamwalira asadakwanitse zaka zisanu. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 63. Amai omwalira pa uchembere adali 1,120 pa 100,000 alionse m'kafukufuku wa mu 2000, ndipo adatsika kufika pa 439. Amene amati palibe chimene chidasintha sadawerenge manda a ana.

Koma akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mphepoyo yaomba kawiri ife tikuona. Koyamba tidaiitana tokha. Mu Seputembala 2013 nkhani ya Cashgate idaphulika, akuluakulu a ku Capital Hill atapezeka ndi ndalama za boma m'mabuti a galimoto. Otithandiza, amene pa nthawiyo ankathira pafupifupi kwacha 40 pa 100 iliyonse ya bajeti, adaleka kuika ndalama zawo m'thumba la boma. Amene adamva kuwawa sadali akuba aja, adali odwala amene chakudya cha m'chipatala chidachepa ndi ambulansi zimene zidaima chifukwa chosowa mafuta. Kachiwiri mphepo idachokera kutali. Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo loimitsa thandizo la America ku maiko akunja, ndipo patangopita miyezi yochepa bungwe la USAID lidatsekedwa. Kuno anthu ambiri amene malipiro awo ankachokera ku ndalama zimenezo, oyeza magazi, alangizi, onyamula magazi pa njinga zamoto kupita nawo ku labotale, adauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Mwezi wotsatira boma la Britain lidalengeza kuti nalo lichepetsa thandizo lake kuti liwonjezere ndalama za asilikali. Palibe Mmalawi amene adavota pa zisankho zimene zidabweretsa zimenezi, komabe moyo wa m'bale wake udapachikidwa pamenepo. Ife amene tidamenyera ufulu wosankha otilamula tiyenera kuchita nazo manyazi.

Ndalama ya mlendo ili ndi khalidwe linanso. Imabwera italembedwa dzina la nthenda: iyi ndi ya Edzi, iyi ya malungo, iyi ya chifuwa chachikulu. Tsono taganizani za bambo amene ma ARV adamupulumutsa mu 2005 ali ndi zaka 35. Lero wadutsa zaka 50, ali ndi BP ndi shuga. Pa chipatala chimodzimodzicho, zenera lina limampatsa mankhwala a miyezi ingapo mosavuta, zenera loyandikana nalo limamuuza kuti kulibe. Tidamulanditsa kwa Edzi kuti adzafe ziwalo ndi sitiroko. Unduna wa zaumoyo ukudziwa zimenezi, nchifukwa chake pulani yake ya 2023 mpaka 2030 ikukamba za pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Maganizo ndi abwino. Koma tidayesa zofanana nazo mu 2004, otithandiza ataika ndalama m'dengu limodzi ndi boma, ndipo chimene chidaboola dengulo ndi kuba kwathu komwe.

Wachiwiri amene amalipira chipatala chaulere ndi wodwala mwini wake. Dotolo amamuyeza mwaulere, nkumulembera m'kabuku, kenaka pazenera amamva mau amene Mmalawi aliyense amawadziwa: "Amenewa atha, mukagule ku famase." Asadafike nkomwe walipira kabaza. Akamutumiza ku chipatala chachikulu, abale amauzidwa kuti ambulansi ilipo koma mafuta palibe. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya ku famase idakwera sabata yomweyo. Tiki ija sidafe. Idachoka pakhomo la chipatala nkukakhala ku famase ya kutsidya kwa msewu, ndipo idanenepa. Nthawi zina mankhwala amene akugulitsidwa pamsika ndi omwe aja adasowa pazenera, chidindo cha boma chili pomwepo.

Wachitatu salembedwa m'bajeti iliyonse. Ndi wodwazika matenda, gadiyani. Pitani pa chipatala chilichonse cha boma m'mawa, muone kuseri kwa mawodi utsi uli tolotolo. Amene akuphika phala, kusambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchapa zofunda, kuthamangira namwino diripi ikatha, ndi mai, mlongo, mwana wamkazi kapena mpongozi. Usiku amagona pansi pa bedi kapena pakhonde. Kumudzi munda wake ukumera tchire, ndipo ngati ndi mtsikana, sukulu yaima. Anthu amenewa atati anyanyale ntchito tsiku limodzi lokha, palibe wodi m'dziko muno imene ingatsegule. Inu amene mudakhala ku Britain mukudziwa kuti kumeneko ntchito yomweyi ili ndi dzina, ili ndi malipiro, ndipo ana athu ambiri akuigwira m'nyumba zosungira okalamba ku Manchester ndi ku Nottingham. Kuno timaitcha chikondi, ndipo ndi chikondidi, koma boma lakwera pamsana pa chikondi chimenechi kwa nthawi yaitali osanena ngakhale zikomo.

Tsono titani? Poyamba ndalama zichokere m'thumba mwathu, kudzera ku msonkho, munthu akadali bwino, osati pakhomo la chipatala atadwala. Mu Epulo 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjezana ku Abuja kuti kwacha 15 pa 100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Maboma athu onse akhala akubwereza lonjezolo, ndipo zaka zambiri akhala akulephera. Chifukwa chachikulu sichobisika. Mu 2006 ngongole zathu zambiri zakunja zidakhululukidwa, koma tidabwerekanso, ndipo zambiri tidabwereka ku mabanki a konkuno pa chiwongoladzanja chokwera. M'bajeti ya 2024/25 ndalama zolipirira chiwongoladzanja chokha zidaposa zonse zimene zidapatsidwa ku zaumoyo. Phungu amene akulira za kusowa kwa mankhwala Lolemba, nkuvomereza ngongole yatsopano Lachitatu osawerenga pepala, akutinamiza. Nkhani ya chipatala imayambira ku unduna wa zachuma.

Ena akuti tikhazikitse inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse monga adachitira a ku Zambia ndi lamulo lawo la mu 2018, lodula kandalama pa malipiro a wantchito ndi kwa bwana wake. Sindikutsutsa, koma tiwerenge mitu. Amalawi olandira malipiro a pamwezi ndi ochepa kwambiri. Mlimi wa ku Nthalire, msodzi wa ku Makanjira ndi mai wogulitsa mandasi ku Ndirande mudzawadula pati? Inshuwalansi yotero ikayamba ndi anthu apantchito, imathera kwa anthu apantchito, ndipo tidzangomanga MASM yachiwiri ndi ndalama za boma. Njira imene ine ndikuiona ndi msonkho wopatulidwa. Si zachilendo kwa ife. Pa lita iliyonse ya petulo timalipira kale kandalama ka misewu ndi ka magetsi a kumidzi, ndipo kuyambira mu 2021 tikulipira pa chipata cha pa Chingeni. Tidaona kuti phula ndi lofunika thumba lakelake, insulini ayi. A ku Zimbabwe adayamba mu 2000 kudula 3 peresenti pamwamba pa msonkho kuti ipite ku nkhondo yolimbana ndi Edzi. A ku Ghana mu 2003 adakhazikitsa inshuwalansi imene ndalama zake zambiri zimachokera ku 2.5 peresenti yowonjezera pa msonkho wa katundu. Kuno tingayambe ndi mowa, ndudu ndi zakumwa zotsekemera, zinthu zimene zimadzaza mawodi. Koma tiphunzirenso pa mabala a anzathuwo. Ku Zimbabwe thumba lija lidasungunuka ndi kugwa kwa ndalama yawo mu 2008, ndipo ku Ghana zipatala zakhala zikudandaula kuti ndalama zimachedwa ku unduna wa zachuma. Thumba lotere likangodutsira ku Account Number One, tsanzikanani nalo. Lamulo lolikhazikitsa linene tsiku la mwezi limene ndalama zizisamutsidwa, ndipo chiwerengero chake chizisindikizidwa m'nyuzipepala.

Apa ndikudziwa kuti ena a inu nkhope zagwa, chifukwa msonkho umenewu udzagwera ife a m'tauni. Inde, ndi momwemo. Ife amene tili ndi khadi la inshuwalansi ya kuntchito timaganiza kuti za chipatala cha boma sizitikhudza. Koma galimoto ikagubuduzika usiku pa msewu wa M1, sakufunsani khadi. Amakutengerani ku chipatala cha boma chimene chili pafupi, ndipo moyo wanu umadalira ngati muli magazi, mpweya ndi magetsi. Atsogoleri athu nawo aphunzire pamenepa. Dr. Banda, dotolo amene adalamula dziko lino zaka 30, opaleshoni yake ya mu 1993 idachitikira ku Johannesburg, ndipo adamwalirira komweko ku Garden City Clinic pa 25 Novembala 1997. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika atagwa mwadzidzidzi, nthawi ya ndege padalibe. Adathamangira naye ku Kamuzu Central, chipatala cha tonsefe. Ine ndikadakonda lamulo loti wotumizidwa kunja ndi ndalama za boma azisankhidwa ndi gulu la madotolo lokha, ndipo chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo iziuzidwa kuti adapita angati, adadya zingati, ndipo mwa iwo andale adali angati.

Kupeza ndalama ndi mbali imodzi. Kumene zikugwera ndi nkhani ina. Kuyambira mu Malichi 2022 mpaka mu 2023 kolera idapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo Lilongwe ndi Blantyre adali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kolera si nthenda yofuna katswiri wochokera ku India. Ndi nthenda ya madzi akuda ndi zimbudzi. Tidamanga misasa, tidagula madiripi, tidapempha katemera kunja, pamene anthu a ku Mtandire ndi ku Bangwe ankatunga m'zitsime zoyandikana ndi zimbudzi chifukwa madzi a pa kiyosiki ndi odula kapena satuluka. Mpopi ndi mjigo ndi mankhwala, kungoti zili m'bajeti ya unduna wina.

Munthu amene adatsitsa imfa za ana zija si wovala suti. Ndi mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, HSA, wa yunifolomu yake ndi njinga yakapalasa. Ntchito imeneyi idayamba ndi obaya katemera wa nthomba, idakula ndi kolera ya m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira mu 2008 alangiziwa adaloledwa kupereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana pamudzi pomwepo. Mwana amene walandira LA tsiku loyamba la kutentha thupi sadzafuna bedi, magazi kapena ambulansi. Palibe kwacha imene imabala zipatso kuposa imeneyi, komabe alangizi ambiri alibe nyumba m'dera limene amagwira ntchito, ndipo bokosi lawo la mankhwala limakhala lopanda kanthu miyezi. Wandale sakonda zimenezi chifukwa palibe riboni yodula.

M'tauni vuto lake ndi lomwelo, lavala malaya ena. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu 4 miliyoni. Wa mu 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Chipatala cha Queen Elizabeth chidatsegulidwa mu 1958, cha Kamuzu Central mu 1977. Mzinda wa Blantyre wakula zaka zonsezi popanda chipatala chake cha boma laling'ono monga zilili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, kotero Queens, imene idayenera kukhala ya matenda ovuta ndi yophunzitsira madotolo, imalandiranso matenda amene akadathera ku Zingwangwa, ku Chilomoni kapena ku Limbe zipatala zing'onozing'onozo zikadakhala ndi dotolo, labotale ndi mankhwala usana ndi usiku. Anthu salumpha chipatala chapafupi chifukwa cha matama. Amadziwa kumene kuli mankhwala.

Za ogwira ntchito ndinena mwachidule, chifukwa inu mukudziwa kuposa ine chimene chimachotsa munthu kwawo. Mpaka mu 1991, pamene College of Medicine idatsegulidwa, dotolo aliyense wa Chimalawi ankaphunzira kunja, ndipo ambiri sankabwerera, ena poopa ndende. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankapita ku Britain mwaunyinji. Mu 2005 malipiro a ogwira ntchito zachipatala adakwezedwa ndi 52 peresenti, ndi thandizo la Britain yomweyo ndi Global Fund, sukulu zidawonjezera ophunzira, ndipo kuthawa kudachepa. Zidaonetsa kuti vutoli lili ndi mankhwala. Chodabwitsa ndi chimene chidatsatira: anamwino ndi madotolo ophunzitsidwa ndi msonkho wathu kukhala pakhomo chaka kapena kuposerapo kudikira kulembedwa ntchito, pamene namwino mmodzi akugwira wodi yonse usiku. Ngati tili ndi ndalama zophunzitsira munthu zaka zinayi, tiyenera kudziwa kale kumene malipiro ake a chaka chachisanu adzachokere.

Tsopano ndifike pa nkhani imene nyuzipepala ngati ino idabadwira, yoti ndani amaona mabuku. Mu 1998 tidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, loti mphamvu zipite kwa anthu. Makhansala tidasankha mu 2000, nthawi yawo itatha tidakhala opanda makhansala mpaka mu 2014. Mphamvu zidachoka ku Capital Hill nkukaima pa ofesi ya DC. Mkulu wa chipatala chaching'ono cha kumudzi, mpopi ukathyoka kapena babu la m'chipinda chochirira likapsa, amalemba kalata kupita ku boma nkudikira, ndipo mzamba amabereketsa ndi tochi ya foni. Inu a ku Dar es Salaam mungachitire umboni kuti ku Tanzania, kuyambira cha mu 2017, ndalama zina zimapita mwachindunji ku akaunti ya chipatala chilichonse chaching'ono, ndipo komiti ya anthu a m'deralo imavomereza kagwiritsidwe ntchito kake. Ena amati anthu a kumudzi adzaba. Wapampando, kodi K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene kafukufuku wa mu 2021 adapeza kuti gawo lake lidasakazidwa ndi maalawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo, idadyedwa ndi komiti ya kumudzi? Nkovuta kuba ndalama ya babu pamaso pa mai amene adzachirire m'chipinda chomwecho mwezi wamawa. Chimodzimodzi mankhwala: galimoto ya ku Central Medical Stores ikatsitsa katundu, mndandanda wake umatidwe pakhoma panja, m'chinenero cha anthu a pamalopo, ndipo amfumu ndi a komiti asaine kuti aona.

Ndisadakhale pansi ndibwerere kwa gadiyani uja ndi agogo amene akumudikira kunyumba. Mu Epulo 2020 boma lidalamula kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, likudalira lamulo la zaumoyo la mu 1948, la nthawi ya atsamunda. Mavenda adatuluka m'misewu, ndipo bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa lamulolo. Mfundo yaikulu ya odandaula idali yakuti simungatsekere munthu m'nyumba osamuuza chimene adye. Pamenepo dziko lonse lidaona kuti umoyo ndi njala ndi nkhani imodzi. Tili nayo ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayamba ku Mchinji mu 2006 nkufalikira m'maboma onse 28, yopereka kandalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ambiri mwa mabanja amenewa mutu wake ndi agogo, omwe aja adaika m'manda ana awo m'zaka za Edzi nkulera adzukulu ndi khasu limodzi. Koma kwa zaka zambiri boma lathu linkalipira ndi ndalama zake boma limodzi lokha, la Thyolo. Ena onse ankadalira World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Nayenso agogo tidawapachika pa fodya wa pachala.

Ndipo timawabwezera zotani? Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa powanamizira kuti adatumiza mphenzi, ndipo nkhani zotere sizidathe. Nkhalamba imene yayamba kuiwala, kuyankhula yokha kapena kusochera usiku ikudwala, ikufunika chipatala, koma chithandizo cha matenda a maganizo tidachiunjika ku Zomba ndi kwa a St John of God, kutali ndi midzi yambiri. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Ndi chiyambi chabwino, koma lamulo silidyedwa. Dziko la Lesotho, laling'ono ndi losauka, lidayamba mu 2004 kupereka penshoni kwa nzika iliyonse ya zaka 70 kupita m'tsogolo, ndi ndalama za msonkho wake. Zanzibar idachita chimodzimodzi mu 2016. Kuno okalamba ndi pafupifupi asanu pa anthu 100 alionse, ndipo a zaka 70 ndi ochepa kuposa pamenepo. Ubwino wa penshoni ya aliyense ndi wakuti palibe mndandanda woti wapampando wa chipani alembepo abale ake. Umboni ndi chiphaso cha unzika basi. Agogo amene ali ndi kandalama kawo pamwezi sakhala mtolo pakhomo, amakwera kabaza kukatenga mankhwala a BP, ndipo mdzukulu wamkazi amabwerera ku sukulu. Pamwamba pa izi, mlangizi wa zaumoyo apatsidwe nthawi ndi zipangizo zoyendera odwala ogonera kunyumba, monga ankachitira amai a mipingo m'zaka zija ma ARV asadabwere, ndipo gadiyani aphunzitsidwe, apatsidwe magolovesi ndi malo ogona aulemu pachipatala.

Wapampando akundiyang'ana ndi diso la wotchi, choncho ndisiye ntchito m'manja mwanu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, titalidikira zaka zoposa 20, ndipo ambiri a ife sitidaligwiritsepo ntchito. Ndikupempha kuti pa msonkhano uno pasankhidwe anthu atatu alembe kalata ku khonsolo yathu, kufunsa ndalama zimene zidalonjezedwa ku zaumoyo chaka chatha, zimene zidafikadi ndi mwezi umene zidafika, ndiponso ngongole imene boma lili nayo ku zipatala za mishoni za m'dera lino. Yankho likabwera tidzalipereka kwa akonzi a nyuzipepala kuti alisindikize. Likapanda kubwera m'masiku amene lamulo limanena, adzasindikize kalata yathuyo pamodzi ndi tsiku limene idalandiridwa. Ndaona kumbuyoko kuli anamwino awiri amene akhala akupukusa mitu pamene ndimakamba za komiti ya kumudzi. Ndikupempha kuti mafunso ayambire kwa iwo.